Tisanabwereke pampu ya mkaka, tiyambe taona manja athu

Uthenga unalowa pa gulu lathu la WhatsApp cha m'ma 11 koloko usiku, nthawi imene anthu opanda khanda amakhala atagona kale. Gululi ndi la ife ana a ku Katete amene tinamwazikana. Ena tili ku Chipata, ena ku Lusaka, ena tikadali pa Boma pomwepo, ndipo timaonana kamodzi pachaka ku Mkaika pa mwambo wa Kulamba. Wolemba anali mng'ono wathu wina amene amagwira nchito m'shopu yogulitsa mbeu ndi fetereza ku Sinda. Anati: "Abale, ndani ali na pampu ya mkaka anibwerekeko? Livu yasila, pa Mande niyamba nchito."

Mayankho sanachedwe. Wina anati mlamu wake ali nayo yamagetsi, inalera ana awiri koma ikadali bwino. Wina anatumiza chithunzi cha pa Facebook, pampu yogwiritsidwapo kale nchito, mtengo wake wogwetsa mtima pansi. Wina anati agule yatsopano basi, mwana si wa masewera. Mnzathu wina amene amakonda kuwerenga za kunja anati ku America azimai amangochita lendi pamwezi. Tinakangana mpaka pakati pa usiku. Palibe ngakhale mmodzi wa ife amene anamufunsa kuti, kodi umatha kufinya mkaka ndi manja ako?

Tsopano takhala pansi, tafunsa anesi ndi amai athu, ndipo maganizo athu ndi awa. Pampu imene mai wina anagwiritsapo kale nchito isabwerekedwe, pokhapokha ngati ndi ya mtundu wa kuchipatala ndipo yabwera ndi zida zake zatsopano. Ngati n'kugula, tigule yamanja, ikhale yathuyathu. Koma tisanatulutse ngwee iliyonse, mai aliyense aphunzire kufinya ndi manja, chifukwa kwa ambiri a ife manjawo ndi okwanira.

Tiyambe ndi chimene chinamudzutsa mng'ono wathuyo usiku. Lamulo la nchito la mu 2019, Employment Code Act, limapatsa mai masabata 14 a tchuthi cha uchembere, ndipo malipiro athunthu amabwera ngati wagwira nchito kwa bwana yemweyo miyezi 24 mosadukiza. Mbali inayi, a zaumoyo onse, kuyambira bungwe la WHO mpaka anesi a pa kiliniki yathu, amati mwana ayamwe bere lokha miyezi 6, osamupatsa madzi, phala kapena thobwa. Miyezi 6 ndi masabata 26. Chotsani 14 pa 26, patsala 12. Ngati mai anayamba tchuthi asanachire, masabata otsalawo amachuluka. Nkhani yonse ya pampu ili m'masabata amenewa: mwana ali kunyumba, bere lili kunchito.

Si mai aliyense amene ali pa vutoli. Amai ogulitsa matimati m'mbali mwa Great East Road, mwana ali kumsana m'chitenge, safunika makina alionse. Mwana akalira amangomutembenuzira kutsogolo. Mlimi wa ku Vubwi amene amapita ndi khanda kumunda nayenso chimodzimodzi. Vuto lili kwa amene amalekana ndi mwana maola ambiri: wa m'shopu, wa mu saluni ya mwini, nesi, wa mu kabuthi kotumizira ndalama, wa ku koleji, ndi mtsikana amene wabwerera kusukulu atabereka, monga boma linalolera kuyambira mu 1997. Ambiri mwa amenewa ndi ife, kapena akazi athu, kapena alongo athu.

Dziko lathu lili ndi chinthu chonyaditsa pa nkhaniyi. Kafukufuku wamkulu wa zaumoyo wa mu 2018 anapeza kuti mwa makanda 100 osakwana miyezi 6 m'Zambia, 70 anali kuyamwa bere lokha. Maiko ambiri olemera safika pamenepo. Amene anasunga chuma chimenechi ndi amai athu ndi ambuya athu, opanda pampu, opanda firiji. Chingakhale chamanyazi kuti chitayike m'manja mwa ife ophunzira, chifukwa chakuti tapeza nchito m'tauni.

Funso lakuti "tichite lendi kapena tigule" linabadwira kwina, ndipo n'kofunika kudziwa kumene linabadwira. Ku America kulibe lamulo la dziko lonse lokakamiza mabwana kulipira mai pa tchuthi cha uchembere. Lamulo la mu 1993 limapatsa anchito ena masabata 12 opanda malipiro, motero azimai ambiri amathamangira kunchito mwana akadali wakhanda. Mu 2010, nthawi ya Barack Obama, anakhazikitsa lamulo la zaumoyo limene linachititsa kuti makampani a inshuwalansi azilipirira mapampu. Kumeneko mai akanena kuti wachita lendi, amatanthauza chimakina cholemera, chopangidwira kuti azimai ambiri achigwiritse nchito motsatizana, ndipo aliyense amagula timapaipi ndi timabotolo take tatsopano. Magetsi sazimazima, firiji imalira usiku wonse.

Kwathu kuno mau akuti kubwereka amatanthauza china. Amatanthauza kapampu ka mlamu kamene kanakhala m'katoni pamwamba pa wadiropu zaka ziwiri, kapena ka pa Facebook kamene sitidziwa kuti kanadutsa m'manja angati. Ndife anthu obwerekana, ndipo n'chinthu chabwino. Timabwerekana poto wa pa ukwati, njinga, suti ya intaviyu, ngakhale zovala za khanda. Koma pampu sili ngati shawelo imene ungachape n'kuyanika padzuwa.

Mapampu ambiri ogulitsidwa m'mashopu anapangidwira munthu mmodzi. Bungwe loona za mankhwala ndi zida zachipatala ku America, FDA, limanena zimenezi poyera. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mu mapampu ena mulibe chotchinga pakati pa mkaka ndi kapaipi kopita ku injini. Timadontho ta mkaka ndi chinyontho zimalowa m'kapaipi, nthawi zina mpaka m'kati mwa makina, kumene sopo ndi madzi otentha sizifika. M'menemo mumamera chuku ndi tizilombo. Kunja pampu ikuwala ngati yatsopano, koma paja akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Mkaka wa m'mawere ndi madzi a m'thupi la munthu, ndipo ukhoza kunyamula tizilombo monga HIV. Sitikunena izi kuti tisale aliyense. Mai amene ali ndi kachilomboka ndipo akumwa ma ARV mokhulupirika amalangizidwa kuchipatala kuyamwitsa mwana wake, ndipo ana ambiri otere akukula alibe kachilombo. Sitikunenanso kuti pampu iliyonse yobwereka imapatsira matenda. Tikungofunsa kuti, ndani wa ife angayang'ane mlamu wake kumaso n'kumufunsa za magazi ake asanalandire katoni ija? Palibe. Ndiye chinthu chimene sitingathe kufunsa, bwanji tichiike pakamwa pa khanda?

Choopsa chachikulu n'chapafupi kuposa pamenepo: tizilombo wamba tobisala m'zida zosatsukidwa bwino. Mu 2017 bungwe la CDC ku America linalengeza za khanda lobadwa masiku osakwana limene linadwala koopsa matenda oumitsa khosi. Kachilombo kake kanapezeka m'zida za pampu ya mai wake, amene anali kungoziviika m'madzi a sopo osazikwecha. Izi zinachitika ku dziko la madzi a m'mipope nyumba iliyonse. Nanga ife amene timatunga pa chitsime kapena pa mjigo, amene tikukumbukira kolera ya mu 2023 ndi 2024 imene inasandutsa Heroes Stadium ku Lusaka kukhala chipatala, masukulu n'kuchedwa kutsegulidwa? Kachida kalikonse kokhala ndi timakona tambiri ndi malo ena obisalamo dothi. Kapu yapakamwa potakata ilibe pobisalira.

Palinso vuto lina limene sitiliganizira. Injini ya pampu imatopa. Ikalera ana awiri mphamvu yake yokoka imachepa, ndipo timavavu take ta mphira timafooka. Mai wachitatu akaigwiritsa nchito amaona timadontho chabe, n'kuyamba kulira kuti mkaka wanga wauma. Koma bere limapanga mkaka molingana ndi umene wachotsedwa. Ukachotsedwa wochepa, mawa lipanga wochepa. Pakatha sabata mkaka umachepadi, ndipo wina amabwera ndi chitini cha mkaka wa m'shopu. Pampu imene tinabwereka kuti tisunge ndalama ndiyo yatilowetsa m'ngongole.

Tiwerengere limodzi. A zaumoyo amawerengera kuti khanda lomwa mkaka wa m'chitini wokha limatha makilogalamu 20 m'miyezi 6 yoyamba, kutanthauza zitini 40 za magalamu 500. Mukadutsa pa shopu muone mtengo wa chitini chimodzi, muchulukitse ndi 40, muikepo makala owiritsira madzi ndi mabotolo. Kenako muyerekeze ndi malipiro a mtsikana wa m'shopu. Mukatero mudzaona chifukwa chake masabata 12 aja ndi nkhani ya banja lonse.

Ndiye tigule yatsopano yamagetsi? Amene ali ndi ndalama ndipo afuna, sitingamuletse. Koma akumbukire chaka cha 2024. Mvula inakana, Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza chilala kukhala tsoka la dziko mu Febuluwale, madzi anatsika ku Kariba, ndipo malaiti anali kupita maola oposa theka la tsiku. Bere lodzala silidikira kuti malaiti abwere. Midzi yambiri ya ku Vubwi ndi ku Sinda ilibe n'komwe nthambo za magetsi. Zilipo zotchajisa ngati foni, inde, koma zimalimbirana kasola kamodzi ndi mafoni a nyumba yonse. Musanapereke ndalama, mufunse wogulitsa mafunso awiri: timavavu tikatha ndidzatipeza kuti, ndipo kodi kafanulo kokhala pabere kali ndi masaizi angati? Kafanulo kosakwana bwino kamatupitsa ndi kung'amba nsonga ya bere, ndipo mai womva ululu satulutsa mkaka.

N'chifukwa chake tikuti ngati n'kugula, yamanja ndiyo ya kwathu kuno. Siifuna malaiti, ili ndi zida zochepa zotsuka, imalowa m'chikwama, ndipo siilira phokoso kuseri kwa shopu. Asayansi a bungwe la Cochrane, atasonkhanitsa kafukufuku wambiri mu 2016, anapeza kuti njira zotsika mtengo, monga kufinya ndi manja, mapampu otchipa, kufunditsa bere ndi kulisisita, zikhoza kugwira nchito mofanana ndi makina akuluakulu amagetsi, nthawi zina kuposa. Mtengo wa pampu yamanja chilimba chimodzi chikhoza kuutha. Ifenso amene timapita kukaona khanda titanyamula tinsapato timene mwana sadzavala n'komwe, tingasonkhe n'kugula chinthu chothandiza.

Koma tibwerere ku manja, chifukwa ndiwo maziko. Ngakhale mai wa pampu yodula tsiku lina adzaiiwala kunyumba, kapena idzathyoka. Njira yake anesi amaphunzitsa ulere. Mai asambe m'manja ndi sopo. Atenge kapu yapakamwa potakata, aitsuke, athiremo madzi owira, adikire pang'ono n'kuwataya. Akhale pabwino, aike kansalu kofunda pabere, alisisite pang'onopang'ono kulowera kunsonga, akuganizira mwana wake kapena akuyang'ana chithunzi chake pa foni. Izi si zamwambo chabe, thupi limamasula mkaka mai akadekha. Kenako aike chala chachikulu pamwamba, m'mphepete mwa pakuda pozungulira nsonga, chala cholozera pansi moyang'anizana nacho. Akankhire zalazo m'kati kulowera kuchifuwa, apanikize, atayirire, apanikize, atayirire. Asakoke nsonga, asakhwekhwereze zala pakhungu. Mkaka ukachepa asunthe zala kuzungulira bere, pakapita mphindi zitatu kapena zisanu asinthe bere, azibwerezabwereza mpaka mphindi 20 kapena 30.

Tsiku loyamba mudzatuluka tochepa, mwina tosadzaza supuni. Apa m'pamene ambiri amagwa ulesi. Kuona maso a nkhono n'kudekha. N'chifukwa chake kuphunzira kuyambe masabata awiri tchuthi chisanathe, osati usiku wa Sabata pamene mawa lake ndi nchito. Ndipo masiku oyambirira mwana atangobadwa, pamene mkaka uli wachikasu ndi wochepa, manja amaposa makina, chifukwa timadontho tamtengo wapatali tija timangomatirira m'zida za pampu.

Mkaka wofinya, wovundikira bwino, umakhala maola anayi m'chipinda chozizira bwino. M'kutentha kwa Okutobala tisaudikiritse choncho, ndipo kapu yovundikira ikhale pamthunzi, m'mbale ya madzi ozizira. Mu firiji imene sikuzimazima umakhala mpaka masiku anayi. Ukakhala, mafuta amayandama pamwamba. Sunaonongeke, ungofunika kuuzunguza pang'ono. Pofunditsa, kapu iikidwe m'madzi ofunda, osauwiritsa pamoto. Pomwetsa, kakapu kakang'ono n'kabwino kuposa botolo: mwana akhale chokhala m'manja, kapu ikhudze mlomo wa m'munsi, iye azidzimwera yekha, osamuthira m'kamwa.

Apa pafunika ambuya, apongozi kapena mtsikana wotsala ndi mwana. Tisawapatse malamulo ngati ndife a boma. Ena a iwo anakula akumva kuti mkaka ukakhalitsa m'bere tsiku lonse umasasa, ndipo mai akabwera ku ulendo ayambe wautaya. Zoona zake n'zakuti mkaka suonongeka uli m'bere. Ena amaona mwana akulira masana n'kunena kuti ali ndi ludzu, amwe madzi. Tikhale nawo pansi mwaulemu, ndipo ngati n'kotheka tipite nawo limodzi ku sikelo akamve okha kwa anesi. Mai akhoza kufinya bwino kwambiri, koma ngati wotsala pakhomo sakhulupirira kapu ija, phala lidzalowa m'kamwa mwa mwana iye ali kunchito.

Tisaiwale mbali ina ya lamulo lomwe lija la 2019, imene ambiri sitiidziwa. Mai woyamwitsa ali ndi ufulu wopuma kawiri mphindi 30, kapena kamodzi ola lathunthu, tsiku lililonse la nchito, kwa miyezi 6 kuchokera tsiku lobereka, ndipo nthawiyo sichotsedwa pa malipiro. Pa Katete kapena pa Sinda, pamene nyumba zambiri zili pafupi ndi msika ndipo njinga za hayala zili paliponse, ola limenelo likhoza kukwana kupita kukayamwitsa n'kubwerako, kapena kuti mwana abweretsedwe. Mai akayamwitsa m'mawa, n'kusiya kapu imodzi, n'kuyamwitsa masana, madzulo ndi usiku, mwina pampu safunika n'komwe.

Tikudziwa kuti ena atitsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Manja amatopa. Pali azimai amene ayesa ndi mtima wonse koma pampu ndiyo imawatulutsira wambiri. Pali nesi wa shifiti ya usiku wonse, pali mai wa mapasa. Ndipo pali mai amene mwana wake wabadwa masiku osakwana, wagonekedwa pa chipatala chachikulu ngati St Francis ku Katete, chimene chatumikira dera lathu kuyambira mu 1948. Khanda lotere silitha kuyamwa, ndipo mai amafunika kufinya kasanu ndi katatu pa maola 24, usana ndi usiku, kwa masabata. Pamenepo chimakina chachikulu chija, chopangidwira anthu ambiri, chili ndi nchito yeniyeni. Kugula chotere banja limodzi silingathe, ndipo n'kutaya ndalama pa chinthu cha mwezi umodzi.

Uku ndiye kubwereka kumene tiyenera kumenyera: makina a chipatala, osungidwa ndi chipatala, mai aliyense n'kupatsidwa zida zake zoyera. Ndalama za chitukuko cha m'madera, CDF, zinakwera mu 2022 kuchoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa konstichuwense iliyonse, kuphatikizapo ya Mkaika. Timadziwa kupempha madesiki ndi milatho. Tingapemphenso, kudzera kwa makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'mawadi, makina otere a m'zipinda za makanda, ndi kachipinda koyera kokhala ndi madzi ndi firiji ya sola pa msika kapena pa sekondale. Zinthu zimenezi sizilowa m'mapulani chifukwa opita ku misonkhano si amene amadzuka 2 koloko usiku bere litatupa.

Anyamata, nkhaniyi ndi yathunso. Sitingayamwitse, koma tingatunge madzi, tingakoleze mbaula, tingawiritse kapu, tingaphunzire kumwetsa mwana, tingalankhule ndi amai athu kuti mkazi wathu asakhale yekha pa mkangano wa phala. Ndipo ena a ife tsopano ndife mabwana ang'onoang'ono, tili ndi kashopu, kasaluni, mabuthi awiri. Mtsikana wathu wa nchito akabwerako ku uchembere, ola lija timupatse asanapemphe, ndi malo okhala oyera, osati kuchimbudzi. Palibe wa ife amene angadye nsima yophikidwira m'chimbudzi.

Mng'ono wathu uja sanatenge pampu ya mlamu. Azakhali ake a mmodzi wa ife, nesi wopuma pa nchito, anamuimbira foni m'mawa mwake, ndipo Loweruka anakwera basi kupita ku Sinda kukamuonetsa ndi manja. Sabata yoyamba inali yowawa, chifukwa anayamba mochedwa. Analira, ndipo tsiku lina ambuya a mwana anatsala pang'ono kuphika phala. Ife pa gulu tinasonkha n'kumugulira pampu yamanja ku Chipata. Iye akuti m'mawa amafinya ndi manja chifukwa n'kofulumira ndipo palibe zotsuka zambiri, pampu amaigwiritsa nchito masiku amene shopu yadzala ndi alimi ndipo sangathe kuthamangira kunyumba. Kwatsala masabata asanu kuti mwana akwanitse miyezi 6. Akuti tidzamuona ku Mkaika kumapeto kwa Ogasiti, ndipo watichenjeza kale kuti pampuyo asabwere wina kudzaibwereka.